Msomali wa a Layisoni

Ndiyambe ndaulula uchitsiru wanga ndekha, chifukwa akauulula anzanga a pabawo amathira mchere wambiri. Ine, munthu wa imvi, wa zidzukulu zodzaza ngolo, ndinkakhulupirira kuti a Layisoni sangafe. Osati kuti anali okhwima ayi, munthuyo ankathawa ngakhale nanzikambe. Koma ndikati ndiwerengere m'mutu mwangamu, masamu ake sankatuluka. Ziliza zonse za kuno, kuyambira m'manda a kwathu mpaka midzi ya kufupi ndi Nsaru, ankaumba ndi iwo. Ndiye iwo akafa, chawo aumba ndani? Ndinkati imfa nayo ili ndi manyazi, singatenge mmisiri n'kudzisiyira yokha ntchito. Sukulu ndinalekera panjira, mundikhululukire.

Anafa chaka chatha fodya ali m'zigafa. Loweruka lapitali tinali kumanda kokaimika chiliza chawo, ndipo zimene ndinaona kumeneko ndi zomwe zandigwiritsa cholembera, ine amene ndimalemba dzina langa lilime lili panja. Ndinapita ndi msomali m'thumba la jekete. Ndinabwera nawo uli wouma. Nkhani yonse ndi imeneyo, koma poti ndine wapakamwa, khalani pansi.

A Layisoni anali msuweni wanga, mwana wa amalume, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Chisuweni mukuchidziwa: kunyozana ndiye moni. Iwo ankanditcha Pakamwa, ine ndinkawatcha Chitsa, poti anali aafupi, otambalala, ndipo akakana chinthu mukanatha kumangirirapo ng'ombe. Ankagwira ntchito m'chigafa chakale kuseri kwa nyumba yawo. Pansi ankayala chikombole cha matabwa, n'kuthiramo simenti, n'kusalaza, ndipo isanaume ankagwada n'kujambulapo ndi msomali umodzi wautali, womwe mutu wake unachita kusalala ndi chala. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kuwasokoneza.

Koma musaganize kuti munkangofika n'kunena kuti tikufuna chiliza, iwo n'kuyamba kukanda simenti. Ankayamba akukhazikani pamphasa n'kukufunsani za malemuyo. Zonenedwa pamaliro sankazifuna. Ankati pamaliro aliyense amakhala wofatsa ndi wokonda alendo, ngakhale uja ankabisa ndiwo pansi pa bedi akamva odi. Ankafunsa chimene munthuyo ankakwiya nacho, chimene ankanama nacho, chimene ana ankamuseka nacho iye akatembenuka. Anamfedwa ankayamba ndi manyazi, kuyang'ana pansi. Kenaka wina ankapezeka waseka misozi ili m'maso. Pamenepo a Layisoni ankamenya bondo n'kunena kuti basi, munthu uja tamupeza, katungeni madzi a Pakamwa.

Ankajambula chinthu chimodzi chokha. Kwa mayi wina wa zitumbuwa anajambula chiwaya chake chokhala ndi chigamba. Kwa bambo wina amene moyo wake wonse ankadzitama kuti ndi katswiri wokumba mbewa, anajambula khasu, ndi mbewa ikuthawa cha kumbuyo kwake, ndipo ana a malemuwo anaseka mpaka kugwirana. Dzina ankalemba pansi, laling'ono, monyinyirika. Malembo sankawakhulupirira. Ankati a Phiri ndi a Banda m'manda muno ndi ochuluka ngati chiswe, ndiponso amayi amene amalira kwambiri ndi omwe sadziwa kuwerenga. Zinalidi choncho. Tsiku lolambula kumanda munkaona nkhalamba ikulowa ndi ndodo, osafunsa munthu, n'kukaima pa chiwaya chake.

Lamulo lawo linali limodzi: munthu safa kawiri, ndiye chiliza sichibwerezedwa. Wina atabwera kuti akufuna nkhunda ngati imene anaiona ku manda a m'tauni, anamufunsa ngati bambo ake ankaweta nkhunda. Atayankha kuti ayi, anamuuza kuti apite akafunse nkhundayo ngati ikuwadziwa bambo akewo.

Ndi akulu a mpingo anakanganapo chaka chathunthu. Anali atajambula chipanda pa chiliza cha mkhristu wina amene Lamulungu ankaimba kutsogolo, Lolemba n'kumaimba m'ngalande. Anawaitanitsa kuti afotokoze. Iwo anangofunsa kuti kodi chipandacho akubisira ndani, poti Mulungu anachiona kale, ndipo mudzi wonse unamwera momwemo. Anawaimitsa pa mgonero miyezi ingapo. Anabwezedwa mkulu wa mpingo wina ataferedwa mkazi, poti chiliza chinafunika.

Tsopano ndinene za njinga, chifukwa popanda njinga simungamve chimene chinandiwawa Loweruka.

Kunali bambo wina kuno, a Fuledi, woyamba kugula njinga m'mudzi mwathu. Tsiku lina tili anyamata ananyengerera a Layisoni kuti akwere pakaliyala, awaperekeze ku msika. Potsetsereka ku dambo mabuleki anakana. A Fuledi anadumpha, njinga n'kupitirira ndi a Layisoni mpaka m'matope, pamaso pa atsikana amene ankachapa. Gudumu la kutsogolo linapindika, ndipo mtima wa a Layisoni unapindikira pomwepo. Analumbira kuti sadzakweranso njinga mpaka kufa, ndipo anasunga lumbirolo. Kabaza atabwera, iwo pansi. Odwala mwendo, iwo pansi. Ankati chinthu chimene sichitha kuima chokha si chokwera munthu wanzeru. Ndi a Fuledi anakhala zaka zonsezo akulankhulana kudzera mwa anthu ena, ngakhale atakhala pa benchi imodzi.

A Fuledi atamwalira tinkayesa kuti a Layisoni akana kuwaumbira chiliza. Koma mkazi wa malemuwo, a Nankhoma, atafika m'chigafa muja, a Layisoni sanafunse funso ndi limodzi lomwe. Anati uyu ndikumudziwa. Anajambula njinga ija, gudumu la kutsogolo lili lopindika monga linatulukira m'dambo. Sindinawaonepo akujambula mosamala ngati tsiku limenelo, masipoko onse, belu, ngakhale pampu. Ali pafupi kumaliza, msomali uli pa chishalo, mavu anatsika kudenga la chigafa n'kuwaluma pakhosi. Dzanja linadumpha. Msomali unakanda mzere wautali wokhotakhota kuchokera pa chishalo kupita kumbuyo. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindingawalembe, ana amawerenga.

Anafuna kusalaza kuti ayambirenso. A Nankhoma anawagwira mkono. Anayang'anitsitsa mzere uja nthawi yaitali, n'kunena kuti ausiye, umenewo ndi mpango wawo. Anati amuna awo akawakweza kupita ku tchalitchi ankathamanga dala, mpango n'kumasuka kumauluka kumbuyo chonchi, iwo akukuwa, a Fuledi akuseka. Zimenezi palibe wa ife ankazidziwa. A Layisoni anaika msomali pansi, khosi likutupa, n'kunena kuti mavuwo ankamudziwa Fuledi kuposa mmene iwo ankamudziwira. Kuchokera tsiku limenelo chisa cha mavu m'chigafa muja sichinkaphwasulidwa. Ankati ndi amisiri anzawo.

Limbani ndi mwana wa mlongo wa a Layisoni. Anakulira pakhomo pawo, ndi iwo anamulipirira sukulu, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo ndiye amadzakhala mwini mawu pa mbumba. Anapita ku Lilongwe, n'kuyamba ntchito ya miyala ya pamanda, yakuda ija yonyezimira, kenaka n'kutsegula malo akeake. Chaka china anabwera, napempha kwa amfumu kuti alowe kumanda, n'kujambula ziliza zonse ndi foni. Anati akufuna kusunga luso la malume ake kuti lisatayike. A Layisoni anakondwa, ngakhale ankabisa. Anamuperekeza okha, akumulozera kuti ichi jambula cha uku, dzuwa likuwala bwino.

Panapita dzinja limodzi. Tsiku lina la msika a Nankhoma anapita ku Nsaru kukagula mchere, ndipo m'mbali mwa msewu anapeza munthu atayala miyala yakuda yogulitsa. Pa mwala woyamba panali njinga ya amuna awo. Pa wachiwiri, yomweyo. Pa wachitatu panali kale dzina la bambo wina wa ku Kabudula amene sanamumvepo. Gudumu lopindika lomwe lija, ndi mpango uli kuuluka.

Mchere sanagule. Anabwera molunjika kuchigafa, ine ndili pomwepo, ndipo sanakhale pamphasa.

"A Layisoni, amuna anga munadana nawo ali moyo, ndinapirira. Tsopano mwawagulitsa. Ndipo mwagulitsa ndi mpango wanga, ukuuluka kumbuyo kwa amuna a eni."

A Layisoni, munthu amene anayankha akulu a mpingo onse ali chiimire, anangoti sakudziwa kanthu. A Nankhoma anati dzanja ndi lanu, n'kutembenuka.

M'mawa mwake tinakwera minibasi awiri. Limbani anatilandira bwino, ndisamunamizire. Anatipatsa mipando, natiitanitsira zakumwa, n'kutilowetsa m'chipinda cha makina monyadira ngati akutionetsa mwana wakhanda. Anyamata ake amawatcha loboti. Ndi kamutu ka chitsulo koyenda kokha pamwamba pa mwala, uku ndi uku, kakulira ngati udzudzu, popanda munthu wokagwira. Pa kompyuta anationetsa manda a kwathu onse ali pamzere: chiwaya, khasu ndi mbewa, chipanda chimene chinaimitsa munthu pa mgonero. Anati wogula amangoloza chimene wakonda. Njinga ndiyo inkayenda malonda kuposa zonse, poti amuna ambiri anali ndi njinga.

Anafotokoza zambiri, ndipo zina zinali zoona. Anati simenti imang'aluka, mwala sung'aluka. Anati anthu a masiku ano alibe nthawi yokhala pamphasa tsiku lonse kukamba zolakwa za akufa. Anati malume, inu mukadzapita luso lanu likanapita nanu, koma tsopano lafika mpaka ku Mchinji ndi ku Dedza.

A Layisoni sankamvera. Maso anali pa kamutu kaja, komwe pa nthawiyo kankajambula njinga. Kanazungulira gudumu lopindika. Kanapanga masipoko, belu, pampu. Kanafika pa chishalo, ndipo pomwe paja penipeni kanadumpha, n'kukanda mzere wokhotakhota kupita kumbuyo. Ndinaona dzanja la a Layisoni likukwera lokha kukagwira pakhosi.

"Limbani, kodi makinawa nawo alumidwa?"

"Ayi malume."

"Nanga akudumphiranji?"

Limbani anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za kumudzi. Malume ake sanaseke. Anamuuza kuti zina zonsezo akambirana bwino, koma njingayo aichotse lero lomwe, ili ndi mwini wake ndipo akulira. Limbani anati aichotsa. A Layisoni chakumwa chija anachisiya chosatsegula. Mu minibasi pobwerera sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti munthuyu wavulala.

Sanajambulenso. Obwera kudzapempha ziliza, amene anali atayamba kale kuchepa, ankawaumbira chosalala n'kulembapo dzina basi. Ndikawafunsa ankati safuna kuberekera ana fisi. Anthu nawo, ndinene zoona, sanadandaule kwenikweni. Fodya akagulidwa bwino aliyense ankafuna mwala wa m'tauni, wowala, woti apabanja ena aone kuti kuno kuli ana ogwira ntchito. Simenti inasanduka ya amphawi. Mlamu wanga wina anachita kundiuza kuti makina sanama, sadwala, ndipo safunsa mafunso ochititsa manyazi. Ndinamuyankha kuti n'chifukwa chake akumuyenera.

Atadwala matenda omaliza anaitanitsa Limbani, alongo awo, ndi ine. Anali atagona pamphasa pakhonde, atachepa ngati mwana. Anatulutsa msomali uja pansi pa pilo n'kundipatsa onse akuona. Anati safuna mwala. Akufuna simenti ya m'chikombole chawo chomwe, ndipo wojambula akhale Pakamwa. Ine ndinakana, ndinati sinditha kujambula ngakhale dzira. Iwo anati n'chifukwa chake andisankha: chimene ndidzajambule ine palibe adzafune kuchikopera. Anthu anaseka, alongo awo akupukuta misozi. Kenaka anatembenukira kwa mphwawo.

"Wamva, Limbani?"

"Ndamva malume. Zidzachitika momwemo."

Ananena atagwada, atagwira dzanja lawo. Ndinaona ndi maso angawa.

Chojambula sindinavutike kusankha. Munthu wamfupi, wa mbola pakamwa, womanga ndi dothi, wosafuna kusokonezedwa pa ntchito: mavu. Chaka chonse chathachi ndakhala ndikuphunzira. Madzulo aliwonse ndinkakhala pabwalo n'kumajambula mavu pa dothi ndi msomali uja, m'mawa akazi anga a Naphiri n'kusesa. Zidzukulu zinkabwera kudzaonera ngati kanema. Wina ankati ndi nkhuku, wina ndege, wina anati ndi agogo aakazi atakwiya, ndipo ameneyo anagona ndi njala. Koma pofika nthawi yokolola, chiuno chija chinayamba kuoneka, ndipo mlendo wina wodutsa anaima n'kufunsa kuti bwanji mukujambula mavu. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mfumu.

Ndinkadikira kuitanidwa kuchigafa. Ndikatumiza mawu kwa Limbani, yankho linkabwera loti achikulire asadandaule, zonse zili m'manja. Tsiku la chiliza litalengezedwa ine ndisanakande simenti, ndinadzinamiza kuti mwina akonza zoti ndikajambulire kumanda komweko, anthu akuona. Ndinachita kumeta ndevu. Uwu ndiye uchitsiru wanga wachiwiri, ndipo ukuposa woyamba uja.

Titafika tinapeza chaimikidwa kale, chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Galimoto inabwera nacho dzulo lake. Kwaya inaimba, abusa anapemphera, Limbani atavala suti n'kuchotsa nsalu ija. Mwala wakuda, wautali kuposa mwini wake, wowala moti ndinadziona nkhope ndi ndevu zanga zometa pachabe. Ndipo pakati pake, njinga.

Njinga ya a Fuledi. A Layisoni, amene anayenda pansi moyo wawo wonse chifukwa cha njinga imeneyo, aigoneka pamutu pawo. Manda a a Fuledi ali pomwepo, mungathe kulavulira, ndiye njinga ziwiri zinangoyang'anana, ina ya simenti yotuwa ndi ndere, ina yonyezimira. Limbani polankhula anati wasankha chithunzi chimenechi chifukwa ndi chomwe chatchukitsa malume ake dziko lonse. Amayi analulutira. Anthu anaomba m'manja, ena akusisita mwalawo n'kumafunsana mtengo wake.

Ine msuweni ndilibe mawu pa mwambo wa mbumba ya eni. Msuweni ndi wa nthabwala. Ndinadikira mpaka anthu atayamba kumwa thobwa, n'kukokera Limbani pambali. Ndinangotulutsa msomali n'kumuonetsa. Anayang'ana kumbali, kenaka anati:

"Achikulire, anthu akanatiseka. Ine ndili ndi makina, ndiye malume anga agone pansi pa simenti yokandakanda? Odwala amalankhula zambiri."

Chimene chikundiwawa n'chakuti sankanama. Iye akuona ngati wawalemekeza. Akanakhala wakuba wamba ndikanamutukwana n'kupeza mpumulo.

Potuluka ndinapeza a Nankhoma ataima pakati pa njinga ziwiri zija, atatsamira ndodo, maso akupita uku ndi uku. Maso awo anayamba kuchita khungu, ndipo zowala ndi zimene amaziona msanga. Ndinawagwira mkono n'kuwatembenuzira ku yotuwa ija. Anandiuza motsitsa mawu kuti moyo wawo wonse sanakwerepo njinga ya mwamuna wina, koma lero awakweza ya a Layisoni, anthu akuombera m'manja.

Pobwerera sindinadzere kumene kunali chakudya. Ndinadzera kuchigafa. Udzu wa denga wagwa mbali imodzi. Chikombole chija wina anachotsapo matabwa awiri, ndikuganiza kuti apangira chitseko cha khola. Pansi pamene tinkakandira simenti pali chikhakha cholimba, ndipo m'mphepete mwake mukuonekabe mapazi a nkhuku imene inapondapo kalekale, ndi chidendene chimodzi chachifupi, chotambalala. Ndowa yanga yotungira madzi ili pomwe ndinaisiya, yadooka. Ndinayang'ana kudenga. Chisa chilipo, koma chauma, mavu anasamuka. Ndinakhala pa njerwa imene ankakhalira, kudikira kuti mwina wina anditcha Pakamwa.

Kunyumba ndinafika dzuwa litalowa. Sindinajambule pabwalo. Ndinaika msomali pawindo n'kunena kuti mawa ndikautaya m'chimbudzi, kapena ndikhomere chitseko, ugwireko ntchito ya misomali inzake. A Naphiri anali akusenda mtedza, ndipo sanadzutse mutu. Tinakwatirana kalekale, mawu anga amawadziwa amene ali ndi mafupa ndi amene alibe. Anasenda mpaka m'lichero munatha, anakung'untha chitenje, n'kutenga msomali uja pawindo, kuumanga pa mfundo ya chitenje chawo pamene amasungira ndalama ya chigayo.

"Mavu anu aja ndasesa chaka chonse," anatero, "ndipo sindinasesepo awiri ofanana. Muzijambulabe. Ndikadzatsogola ine, mudzandiikire amenewo. Si inu mwakhala mukuuza mudzi wonse kuti ndimaluma?"